Mayi wa ku Antioquia amene matenda a kumtundu anawachedwera zaka pafupifupi 30

Wodwala amene ndikumufotokoza m'lipoti lino sindinamuonepo ndi maso. Ndatola nkhani yake kuchokera m'zimene madokotala ndi ofufuza amene ankamusamalira anafalitsa pakati pa 2019 ndi 2024, ndipo ndikulembera anzanga amene timakhala m'chipinda chopimira odwala, kulandira agogo obwera atagwiridwa dzanja ndi mdzukulu, dandaulo lake lili loti "akumaiwala". Dzina la mayiwa ndalisiya. Chimene chinandigwira mtima ndi mmene anapezekera: anadziwika chifukwa choti sanadwale Alzheimer's, matenda a ubongo oiwalitsa, pa nthawi imene aliyense ankayembekezera kuti adwala, ndipo panali anthu amene anasunga mabuku mokwanira moti anatha kuona zimenezo.

Banja ndi matenda ake

Antioquia ndi chigawo cha mapiri kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Colombia, ndipo mzinda wake waukulu ndi Medellín. M'midzi ya kumapiri monga Yarumal, Angostura ndi Belmira, anthu anakhala akudziwa kwa mibadwo yambiri kuti m'mabanja ena munthu akangopitirira zaka 40 amayamba kuiwala. Amafunsa funso limodzi kangapo, amasochera panjira yopita kumunda kwake komwe, kenako amasiya kuzindikira ana ake, kulankhula ndi kudzisamalira. Matendawa ankawatcha la bobera, kutanthauza kupusa. Ena ankati ndi temberero, ena ankati ndi ufiti. Ife kuno mawu amenewa si achilendo, chifukwa tikudziwa zimene zimagwera gogo wopezeka usiku pakhomo la eni ake asakudziwa kumene ali.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Francisco Lopera, amene panthawiyo ankaphunzira udokotala wa ubongo ndi mitsempha pa University of Antioquia, analandira bambo wa zaka 47 wochokera ku Belmira amene anali ataiwala zinthu ngati nkhalamba. Apa ndi pamene nkhani yonse inakhotera. Lopera anafunsa za makolo a wodwalayo, ndipo anamva kuti bambo ake, agogo ake ndi abale ena anadwalanso chimodzimodzi pa msinkhu womwewo. Anakwera mapiri kupita kumudzi kukaona yekha. Mu 1987 iye ndi anzake anafalitsa lipoti loyamba la banjalo m'magazini ya zachipatala ya m'dziko mwawo.

Ntchito imene inatsatira inali ya miyendo ndi cholembera. Lopera pamodzi ndi Lucía Madrigal, namwino amene anayenda naye zaka zambiri, ankalowa mudzi ndi mudzi, nthawi imene dera lija linali pa nkhondo ya zigawenga ndi magulu ogulitsa mankhwala osokoneza bongo. Ankatsegula mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a maliro m'maparishi a Katolika, n'kumalumikiza mabanja mpaka kufika m'zaka za m'ma 1700. Zinaoneka kuti mabanja ambiri amene ankadziona ngati osiyana anali mtundu umodzi. Lero mtunduwu uli ndi anthu pafupifupi 6,000, ndipo pafupifupi 1,200 mwa iwo ali ndi chimene chimayambitsa matendawa.

Choyambitsacho chinadziwika mu 1995, mothandizana ndi ofufuza a ku United States. Ndi kusintha kwa malo amodzi okha mu jini yotchedwa PSEN1, imene ili pa chromosome 14, ndipo kusinthako kumalembedwa kuti E280A. Jini imeneyi imapanga mbali ya enzyme imene imadula puloteni ina mu ubongo. Ikasintha, kadulidwe kamalakwika, ndipo tizidutswa ta amyloid tomata timachuluka n'kumaunjikana pakati pa maselo a ubongo. Munthu akatengera jini yosinthayi kwa kholo limodzi lokha, matenda a Alzheimer's amabwera ndithu, ndipo mwana aliyense wa munthu woteroyo ali pakati n'pakati: akhoza kuitengera kapena ayi.

Ndipatuke pang'ono. Pofotokozera banja nkhani ngati iyi m'Chichewa, mawu oti "majini" tiziwasamala nawo. Ine ndikamawatchula ndimatanthauza zotengera kwa makolo zimene zili mu DNA, koma mayi wokhala patsogolo panga akhoza kumva mizimu yoipa ya kunyanja, ndiye kuti ndamutsimikizira zimene ankaopa kale. Ndimakonda kunena kuti "za m'magazi a kumtundu", kenako ndifunse kuti wamva chiyani.

Mu 2011 gulu la ku Medellín linafalitsa kayendedwe ka matendawa m'mtundu wonsewo. Kawirikawiri, kuiwala koyamba koyezeka kumaoneka pa zaka 44, dementia yeniyeni (kuiwala kofika polepheretsa munthu kudziyendetsera moyo) pa zaka 49, imfa pa zaka 59. Manambala atatu amenewa muwagwire, chifukwa popanda iwo nkhani ya mayiwa ilibe tanthauzo.

Mmene mayiwa anapezekera

Mu 2013 kunayamba kafukufuku wamkulu woyesa mankhwala otchedwa crenezumab pa anthu a mtunduwu amene anali asanayambe kudwala, mothandizana ndi Banner Alzheimer's Institute ya ku Arizona, kampani ya Genentech ndi boma la United States. Pokonzekera ntchitoyi, gulu la Lopera linalemba m'kaundula anthu masauzande ndi kuwayeza magazi. M'kaundulamo munapezeka mayi amene anali ndi E280A, koma anali atapitirira zaka 70 akudzisamalira okha, akucheza ndi anthu ndi kuyendetsa zapakhomo pawo. Malinga ndi manambala aja, anayenera kuti anamwalira zaka zoposa 10 m'mbuyomo.

Abale amene ankakhala nawo anachitira umboni kuti mutu wawo unkagwira bwino mpaka zaka za m'ma 70. Atawapima, anapeza kuti vuto linalipo koma laling'ono: ankavutika kukumbukira zimene zangochitika kumene ndi mawu amene angowaphunzira, pamene kutchula mayina a zinthu, kuzindikira chinthu chimene anachiona kale ndi kulankhula zinali bwino. Kupima kwa mitsempha sikunaonetse chachilendo. Anawaika m'gulu la kuiwala pang'ono kumene sikunafike pa dementia, ndipo atawatsatira miyezi 24, zotsatira sizinatsike.

Zotsatirazi anaziyerekeza ndi za anthu a msinkhu wawo ndi sukulu yofanana ndi yawo. Mfundo imeneyi kwa ife ndi yaikulu. Mayeso ambiri a kukumbukira anapangidwira anthu odziwa kulemba, kuwerenga ndi kuchotsera manambala m'mutu. Mukafunsa gogo amene sanapiteko kusukulu kuti ajambule wotchi kapena atchule deti, alephera ngakhale mutu wawo uli wabwinobwino, ndipo inu mulemba matenda amene palibe. N'chifukwa chake anzathu a m'boma la Hai ku Tanzania anapanga mayeso otchedwa IDEA, osadalira kulemba ndi kuwerenga. Ku Colombia kukanakhala kuti analibe muyeso wa anthu awo omwe, kusiyana kwa mayiwa ndi abale awo sikukanayezeka bwino.

Zimene anasankha kuchita

Panali njira yophweka: kunena kuti mwina magazi anasokonekera mu labotale, kapena kuti ndi mwayi chabe, n'kutseka fayilo. Gululo linasankha kufufuza mbali ziwiri nthawi imodzi. Mbali yoyamba inali kuona mkati mwa ubongo wawo, yachiwiri inali kuwerenga majini awo onse opanga mapuloteni, kuti atsimikize E280A ndi kuona ngati pali china chimene chikuwateteza.

Mu 2016, ali ndi zaka 73, mayiwa anakwera ndege kupita ku Boston, ku Massachusetts General Hospital, kumene Yakeel Quiroz, wofufuza wochokera ku Colombia komweko, ankajambula ubongo wa anthu a mtunduwu ndi makina a PET. Chifukwa cha ulendowu chinali chomveka. Funso linali lakuti, kodi ubongo wawo ulibe amyloid, kapena ulinayo koma siikuwononga? Mayankho awiriwa amaloza njira zosiyana kwambiri za mankhwala.

Zithunzi zinadabwitsa aliyense. Amyloid inali yochuluka kwambiri, kuposa ya abale awo ang'onoang'ono amene anali atayamba kale kudwala. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa chithunzi choyambacho zinaoneka choncho, koma nyererezo zinali zisanadye chipatso. Chithunzi chachiwiri, choonetsa puloteni ya tau, imene imapotana mkati mwa maselo n'kuwapha, chinaonetsa yochepa, ndipo inali m'malo ochepa: mkati mwa mbali ya m'litsipa ndi kunkhongo, kumene ubongo umaonera. Mbali zimene zimafooka msanga mwa abale awo zinali zikugwiritsabe ntchito shuga bwino. M'magazi, puloteni ya neurofilament light, imene imakwera maselo a ubongo akamafa, inali yotsika poyerekeza ndi ena okhala ndi E280A.

Apa ndiye pachimake pa nkhaniyi kwa ine ngati wogwira ntchito zachipatala. Kwa zaka zambiri maganizo ofala anali oti amyloid ikaunjikana, tau imatsatira, maselo amafa, munthu amaiwala, ngati unyolo wosaduka. Mwa mayiwa unyolowo unaduka pakati. Amyloid inaunjikana kwa zaka makumi angapo monga mmene E280A imachitira, koma tau sinafalikire. Zinaoneka poyera kuti kuiwala kwa munthu kumayendera limodzi ndi tau ndi kufa kwa maselo, kuposa kuchuluka kwa amyloid.

Zimene zinapezeka m'majini

Kuwerenga majini, kumene Joseph Arboleda-Velasquez wa ku Mass Eye and Ear ku Boston anatsogolera pamodzi ndi anzake, kunatsimikiza kuti E280A inalipodi. Kunapezanso chinthu china mu jini ya APOE, imene ili pa chromosome 19. Ambirife timaidziwa jini imeneyi kudzera mu mitundu yake itatu: APOE2 imene imateteza pang'ono, APOE3 imene anthu ambiri ali nayo, ndi APOE4 imene ofufuza a ku Duke University anaonetsa mu 1993 kuti imakweza chiopsezo cha Alzheimer's ya ukalamba. Mayiwa anali ndi APOE3, koma yosintha pa malo a 136, kusintha kolembedwa kuti R136S. Kusinthaku kumatchedwa Christchurch, potengera mzinda wa ku New Zealand kumene kunapezeka koyamba m'zaka za m'ma 1980, mwa anthu a vuto la mafuta a m'magazi. Ndi kosowa kwambiri. Mayiwa anali nako kawiri, kuchokera kwa bambo ndi kwa mayi awo, chinthu chimene chimatheka mosavuta m'midzi ya kumapiri kumene mabanja akhala akukwatirana okhaokha kwa mibadwo.

Atadziwa zimenezi anabwereranso ku mafuta a m'magazi. Mayiwa ankadziwika kale kuti mafuta awo ndi okwera, ndipo kupima mozama kunaonetsa kuti ndi mtundu wosowa wotchedwa hyperlipoproteinemia type III, umene umayendera limodzi ndi APOE yosagwira bwino ntchito yochotsa mafuta m'magazi. Chizindikiro chinali m'fayilo mwawo nthawi yonseyi, pa tsamba limene palibe amene akanaliganizira kuti likukhudza ubongo. Pamakhalanso chenjezo pamenepa: chimene chinateteza ubongo wawo chinali ndi mtengo wake ku mitsempha ya magazi, choncho mankhwala alionse otengera kusinthaku adzafunika kuyang'aniridwa mbali imeneyo.

Mu labotale anayesa mmene mitundu ya APOE imamatirira ku heparin, imene imafanana ndi mashuga otchedwa heparan sulfate okhala pamwamba pa maselo a ubongo. Mashuga amenewa ndi amodzi mwa makomo amene tau yolakwika imalowera kuchoka mu selo limodzi kupita mu lina. APOE4 inamatirira kwambiri, APOE3 pang'ono, APOE2 mocheperapo, ndipo Christchurch inali yotsikitsitsa mwa zonse. Anapanganso antibody, puloteni yomata pa malo amodzi osankhidwa, yotseka mbali imeneyo ya APOE3 wamba, ndipo kumatirira kunachepa mofanana ndi Christchurch. Zonsezi zinafalitsidwa mu Nature Medicine mu November 2019.

Olembawo ananena mosabisa kuti uyu ndi munthu mmodzi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mayiwa akanatha kukhala ndi zoteteza zina zimene sizinaoneke. Komanso, pa abale 117 amene anayezedwa nthawi imeneyo, anthu 4 anali ndi E280A pamodzi ndi Christchurch imodzi yokha, ndipo anayamba kuiwala pa zaka pafupifupi 45 ngati ena onse. Maganizo a mu 2019 anali oti chitetezo chimafuna Christchurch ziwiri.

Mathero a wodwala ndi zimene ubongo unaonetsa

Mayiwa anamwalira mu November 2020 ali ndi zaka 77, ndi khansa ya pakhungu ya melanoma imene inafalikira m'thupi. Banja linavomera kupereka ubongo wawo ku nkhokwe ya ubongo ya gulu la ku Antioquia. Chilolezo ngati chimenechi sichipemphedwa tsiku la maliro kwa anthu osakudziwani. Chinatheka chifukwa gululo linakhala ndi mabanjawa zaka zoposa 30, kuwayendera m'makomo, kuthandiza osamalira odwala, kupezeka pamavuto.

Ubongowo unaunikidwa ndi Diego Sepulveda-Falla wa ku Hamburg ku Germany ndi anzake, ndipo lipoti linatuluka mu 2022. Linagwirizana ndi zithunzi za ku Boston. Amyloid inali ponseponse. Tau inachuluka kunkhongo, malo amene mu Alzheimer's wamba amakhudzidwa mochedwa, pamene mbali ya kutsogolo, imene munthu amaganizira, kukonza zochita ndi kudziletsa, inali yotetezeka kwambiri. Izi zikufotokoza chifukwa chake ankatha kuyendetsa moyo wawo pamene abale awo a zaka 50 anali ogona.

Zimene zinatsatira

Mu June 2022 zotsatira za crenezumab zinatuluka. Anthu 252 analowa m'kafukufukuyu, ena mwa iwo opanda E280A, amene anawaikamo dala n'kumawapatsa jakisoni wopanda mankhwala kuti pasakhale wodziwa za magazi ake pongoona kuti wasankhidwa. Atawatsatira zaka 5 mpaka 8, mankhwalawo sanachedwetse matenda mokwanira kuti anenedwe kuti agwira ntchito. Kwa mabanja amene anapereka mikono yawo zaka zonsezo, unali uthenga wowawa. Mwa zimene zinatsala m'manja kuchokera ku ntchito yaikulu ija, kaundula amene anaonetsa mayiwa anali chimodzi mwa zamtengo wapatali.

Kaundula yemweyo anaonetsanso munthu wachiwiri. Mu May 2023 Lopera ndi anzake anafotokoza za bambo wa mtundu womwewo amene anali ndi E280A, koma mutu wake unagwira bwino mpaka zaka 67, dementia inabwera pa zaka 72, ndipo anamwalira ali ndi zaka 74. Analibe Christchurch. Anali ndi kusintha mu jini ina yotchedwa RELN, imene imapanga puloteni ya reelin, ndipo anakutcha COLBOS polumikiza Colombia ndi Boston. Ubongo wake unalinso wodzaza amyloid, ndipo tau inalimo yambiri, kupatula kadera kakang'ono kotchedwa entorhinal cortex, khomo la kukumbukira. Reelin ndi APOE zimagwira pa ma receptor (malo olandirira mauthenga) amodzimodzi a pa selo, choncho anthu awiriwa, ndi majini osiyana, analoza njira imodzi.

Kumapeto kwa 2023 magulu awiri, la Yadong Huang ku Gladstone Institutes ku San Francisco ndi la David Holtzman ku Washington University ku St. Louis, anaonetsa pa mbewa za mu labotale kuti Christchurch imachepetsa kufalikira kwa tau ndi kuwonongeka kumene imabweretsa. Gulu la Holtzman linaonanso kuti maselo oyeretsa ubongo, a microglia, ankagwira ntchito mwamphamvu pozungulira amyloid. Uwu unali umboni woti kusinthako pakokha kuli ndi mphamvu, kopanda zina zonse za moyo wa mayiwa.

Ndiyeno mu June 2024, mu New England Journal of Medicine, Quiroz ndi anzake anabweza mawu awo a 2019. Atafufuza anthu 1,077 okhala ndi E280A, anapeza 27 okhala ndi Christchurch imodzi. Mwa iwo kuiwala koyamba kunabwera pa zaka 52, poyerekeza ndi 47 mwa anzawo ofanana nawo, ndipo dementia pa zaka 54 poyerekeza ndi 50. Anthu 4 aja anali ochepa kwambiri kuti aonetse zoona. Ndimalemekeza ofufuza amene amabwerera ku zimene ananena okha n'kuzikonza poyera, ndipo ife amene timaona odwala atatu kapena anayi n'kuyamba kunena kuti "matendawa amayenda chonchi" tili ndi chotolapo.

Kwa ife a m'chipinda chopimira

Alzheimer's yotengera jini imodzi ngati iyi ndi yosowa, siifika ngakhale munthu mmodzi pa odwala 100 alionse a Alzheimer's. Munthu wa zaka 45 akabwera kwa ife akuiwala, tiyambe ndi zimene timazidziwa ndipo zina zimachizika: HIV, chindoko, mowa, matenda okhumudwa, kuchepa kwa vitamini B12, chithokomiro, BP ndi sitiroko zazing'ono, khunyu, kuvulala m'mutu. Zimenezi zikachoka, funso la Lopera lilipobe ndipo silifuna makina. Ndani winanso kwanu anadwala chonchi, anayamba ali ndi zaka zingati, anamwalira ali ndi zaka zingati? Tifunse mbali zonse ziwiri, kuchikazi ndi kuchimuna, chifukwa kumene timawerengera mtundu kwa amayi, abale a bambo amaiwalika msanga, pamene jini ngati PSEN1 imadutsa mbali iliyonse. Tilembe zaka, ngakhale zoyerekeza ndi chaka cha njala kapena cha chisankho. Tilembenso amene anakalamba bwinobwino m'banja lomwelo, chifukwa mayiwa anali mmodzi wa oterowo.

Za majini zopezeka kwa anthu a dera lina sizimangosamukira kwa ife mmene zilili. Kafukufuku amene University of Ibadan ku Nigeria ndi Indiana University anayamba mu 1992 anayerekeza okalamba achi Yoruba ndi anthu akuda a ku Indianapolis. APOE4 ndi yofala pakati pa anthu a mu Africa, komabe mwa a Yoruba kugwirizana kwake ndi Alzheimer's kunali kofooka kuposa mmene kunalili ku America. Jini imodzimodzi imachita mosiyana malinga ndi majini oyandikana nayo, zakudya, matenda a mtima ndi moyo wa munthu. Choncho wina akabwera ndi pepala la kuyezetsa APOE kuchokera ku Johannesburg kapena ku London ali ndi mantha, tisamuwerengere chiopsezo cha Azungu ngati chigamulo chake.

Pofika 2024, ntchito yopanga mankhwala otengera Christchurch, kuphatikizapo antibody yotseka pamene APOE imamatirira ku heparan sulfate, inali ikadali mu labotale ndi pa mbewa. Francisco Lopera anamwalira pa 10 September chaka chomwecho ku Medellín ali ndi zaka 73, ndi melanoma, khansa yomweyo imene inatenga mayiwa. Gulu limene anayambitsa pa University of Antioquia likutsatirabe mabanja a ku Yarumal ndi midzi yozungulira, kuphatikizapo ana ndi adzukulu a anthu amene iye anawalemba m'buku zaka za m'ma 1980.